Khoma la pa Kona ya Buledi

Lolemba, 10 Julaye 1967

Chifunga chochokera kudoko mpaka dzuwa kukwera. Buledi anatha msanga, mabanzi anatsala. Ufa wakweranso mtengo, kaya akufuna tiziphika ndi mchenga.

Mpikisano wa magalimoto ndi Lamlungu la sabata yamawa, ndipo Beira yense wayamba kale kupenga. Mitolo ya udzu aitsitsa m'makona onse, mbuzi za ku Munhava zamva kale fungo. Zivundikiro za ngalande akuziwotcherera kuti zisadzadumphe galimoto ikamadutsa. Agalu onse amangidwe, atero. Galu wa ku Beira kumangidwa, tidzaona.

Masana kunabwera a Valdemar, wapampando wa komiti ya mpikisano. Suti yoyera, mimba patsogolo, thukuta m'khosi kunja kukuzizira chonchi. Akuti chaka chino kukubwera ojambula kanema ochokera ku Lisboa, ndiye nyumba zonse za m'mbali mwa msewu wa mpikisano zipakidwe laimu, ziyere mbee. Wokana, komiti itumiza anthu ake akapake. "Dona Linda, khoma lanuli likuchititsa manyazi mzinda," anatero. Ndinawapatsa banzi ladzulo, anadya.

Pakhomapo pali mzere wa Aníbal, malemu mwamuna wanga. Asayerekeze.

Lachiwiri, 11 Julaye

Ndinatuluka ndi khofi m'manja kukaliona khoma lochititsa manyazilo. Kunena zoona si lokongola. Magalimoto amatsika ndi msewu wa kunyanja ali liwiro la mtondo wadooka, kenaka kona yathu, ndipo amene wachedwa kuponda mabuleki amadzapsompsona bekale yanga. Udzu amaika, koma galimoto imangoukankha ngati pilo. Aliyense amasiyapo penti wake. Mbiri yonse ya mpikisanowu ili pamenepa, komiti ikafuna kudziwa zakale izibwera kudzafunsa khoma.

Wachikasu wa kumapeto uja ndi wa bambo a kufamase, chaka choyamba. Nthawi imeneyo kunalibe chingwe, kunalibe udzu, anthu ankangoima m'mbali ana ali kumbuyo, ndipo wotchi ankagwira ndi abambo mfumu a kuparishi. Sitima ya katundu inadutsa pakati pa mpikisano, onse anaima kudikira, ena anatsika kukasuta. Yabuluu iwiri, Mgiriki wa ku Salisbury, chaka chimodzi, wina Loweruka wina Lamlungu. Wakuda, takisi ya a Ismael, yomwe analowa nayo mpikisano ataiwala kuzimitsa mita. Wotuwa suoneka bwino koma ulipo, wa mkazi wa dokotala wa mano, amene anatuluka n'kutukwana khoma m'zinenero zitatu.

Ndiye pakati, mizere iwiri yotsatana ngati njanji. Wam'munsi, waufupi, wofiira. Wam'mwamba, wautali, wokhuthala, wobiriwira. Aníbal wanga, 1958. Wophika buledi kugula chigalimoto chakutha kwa Mngelezi wa ku Umtali ndi ndalama zomwe tinkasungira uvuni watsopano, n'kuchipaka yekha penti wa zitseko. Mwa makoma onse a mu Beira anasankha lakwake, ine ndili pakhonde lam'mwamba ndikuona. Anatuluka wopanda ndi bala lomwe, anavula chipewa, analowa m'sitolo n'kufuula, "Linda, khofi alipo?" Wojambula zithunzi anagwira utsi ndi galu basi. Chithunzi chake china ndilibe, kupatula cha ukwati chomwe anatsinzina.

Mwambo unayambira pomwepo. Wogunda khoma amabwera Lolemba kudzalipepesa, timampatsa khofi ndi buledi, penti wake sitichotsa. Ndipo Loweruka m'mawa, asanayambe kuyesa msewu, madalaivala onse amabwera kudzayendetsa chala pamzere wobiriwira, kuyambira uku mpaka uko, kuti akagunda adzatuluke ngati Aníbal. Iye anafera pabedi, malungo. Zimenezo sindiwakumbutsa.

Ndamusowa lero. Diresi lakuda ili layamba kutuwa m'mapewa, ndiyenera kulinyikanso.

Lachinayi, 13 Julaye

Tsiku la manachesi. A Leocádio ometa tsitsi, a kuseri kwa kona, safika chimanjamanja. Anabwera kuno kuchokera ku Quelimane Aníbal atapita kale, ndipo chiyambire, Lachinayi lililonse kathumba ka manachesi ndi funso lija la ukwati lomwe safunsa. Amasankha ndi mphuno, lililonse kulinunkhiza ngati galu wa apolisi. Lero sokosi ina yofiira ina yobiriwira. Mwamuna wopanda mkazi, basi.

Ndi iwo amene amagwira mbendera pakona yathu tsiku la mpikisano. Yachikasu, samalani. Yofiira, imani. Yobiriwira, njira ili bwino, pitani. Amazisunga kuseri kwa galasi lometera, ndodo iliyonse anaisema timipata take, akuti kuti isamaterereke m'manja. Ntchito imeneyi amainyadira kuposa lumo.

Nkhani yomwe abwera nayo yandiseketsa mpaka a Jequessene, ondithandiza kuphika, kusiya uvuni kudzaona ngati ndakomoka. Pampando wometera munthu amaulula zonse. Akuti ojambula kanema aja amva za khoma langa, akufuna kulijambula, mzere uliwonse ndi nkhani yake. Tsono wofiira uja ndi wa ndani? Wa a Valdemar. 1959, osati pampikisano n'komwe, koma pa ulendo wachionetsero, atanyamula mtsikana wopambana pa kukongola, liwiro la ngolo ya abulu, dzanja likubayibitsa anthu, maso ali pa mtsikana. Ndi iwo okha amene sanabwere kudzapepesa Lolemba. Ine mzerewo ndimaudziwa mwini wake, koma sizinandifikire m'mutu kuti mzinda wonse ukupakidwa laimu chifukwa cha iwo.

A Jequessene anapukusa mutu. "Ndiye laimu yense wa ku Dondo athere mimba imodzi, Dona?"

Manachesi okoma. Ena osapsa, monga mwa masiku onse.

Loweruka, 15 Julaye

Ndinawaitanitsa a Valdemar. Tebulo lam'kati, keke ya kokonati, makapu a alendo. Ndinawasiya amalize chigawo chachiwiri. Kenaka ndinati, "A Valdemar, laimu ndi wodula masiku ano. Bwanji tingochotsa wofiira wokha?" Nkhope inafiira kuposa mzerewo. Anatsokomola, anayang'ana kudenga, anati mwina komiti ingaganizirepo za nyumba zomwe zili ndi mbiri. Komitiyo ndi iwo omwewo ndi alamu awo. Inaganiza pomwepo, inavomera, inapempha keke ina yopita nayo kunyumba.

Ndapambana. Ndinavina pang'ono kuseri kwa matumba a ufa, a Jequessene ananamizira kuti sakuona.

Anthu a komiti sindikuwafuna pakhoma langa. Ndawaona kwa anzanga, amapaka ndi tsache, mawindo omwe, mphaka akachedwa nayenso ayera. A Leocádio anadzipereka. "Dzanja ili silinachekepo khutu la munthu, Dona Linda." Tinaima kutsogolo kwa mizere iwiri ija. Anayang'ana nthawi yaitali n'kufunsa, "Wofiirawo, eti?" Ine buledi ali mu uvuni. Ndinati, "Inde wofiirawo, maso muli nawo bambo inu," n'kulowa.

Lolemba ndikupita ku Manga kwa mwana wanga Zita, mdzukulu akumera mano ndipo mayi wake sakugona. A Leocádio agwira ntchitoyo ndili komweko.

Lachiwiri, 18 Julaye

Ndabwerako ku Manga.

Wofiira ulipo. Wa Aníbal palibe.

Lachinayi, 20 Julaye

Dzulo sindinatsike. A Jequessene anagulitsa okha.

A Leocádio akanapaka laimu, ndikanatsuka ndi madzi. Koma ayi, munthu wa ntchito yaukhondo. Anameta khoma. Lumo lakale, pang'onopang'ono, mpaka pasimenti, anamata timaenje, n'kupaka penti wamafuta woyera, kawiri. Ndinakanda ndi chikhadabo, pansi pake palibe kanthu. Ntchito yabwino chonchi sindinaionepo mu Beira muno.

Lachiwiri lija anandidikirira pakhomo, tayi atamanga, akumwetulira ngati mwana wakhoza mayeso. Zomwe ndinanena sindilemba. Mkazi wa dokotala wa mano anafunika zinenero zitatu, ine chimodzi chinakwana.

Lero abweranso, poti ndi Lachinayi. Manachesi, ndi kachitini ka paudala. Anaima pakhomo chipewa chili m'manja. "Dona Linda, ine chofiira ndi chobiriwira sindisiyanitsa. Chibadwire. Zonse ndimaziona ngati dothi." Palibe akudziwa, ngakhale malemu akazi awo sanadziwe. Ndinafunsa kuti analekeranji kundifunsa kuti ndi uti. Akuti anafunsa, ndipo ndinawayankha kuti maso ali nawo. Ndiye anaganiza okha kuti mzere waukulu, wokhuthala, uyenera kukhala wa munthu wa mimba yaikulu. Loweruka la mpikisano amakhala atapanikizika ndi madalaivala ofuna kumetedwa, sanaonepo pomwe chala chimayenda. Masiku ena onse khomalo ankalilambalala ndi maso. "Sindinkafuna kumayang'ana munthu amene anandiposa, Dona Linda."

M'chitinimo muli zomwe anapala. Wometa sasiya tsitsi la munthu pansi kuti lipondedwe, chizolowezi. Anasesa zonse n'kuthira m'chitini kuti akapatse a Valdemar, akaseke. Ndinalanda chitini. Manachesi ndinawaponya mumsewu limodzilimodzi, iwo akuyenda osatembenuka. Lina linawapeza pamsana.

A Valdemar nawonso anabwera akutukutira. Wofiira tsopano ukuonekera patali, uli wokha pansi pa chigamba choyera ngati mlomo wopaka utoto. Akuti pangano ndi pangano. Ndinali ndi mpeni wa buledi m'manja, mwangozi chabe. Ndinati pakhoma langa sipafikanso munthu ndi burashi, komiti ikafuna ibwere ndi asilikali. Anapita osapempha keke.

Lachisanu, 21 Julaye

Ndatsegula chitini. Tizidutswa tobiriwira, fumbi la simenti, fungo la paudala wa kometera. Aníbal yense wakwana m'dzanja limodzi. Ndinalira, kenaka ndinaseka, chifukwa moyo wake wonse sanapakepo paudala, ankanunkhira yisiti ndi petulo.

Chikundipweteka n'choti ndinapambana. Komiti ndinaigonjetsa ndi keke. Wandilanda ndi munthu wondifunira zabwino, ndipo sindikudziwa kuti mkwiyo woterewu amauika pati.

Mipando ya pakhonde lam'mwamba yatengedwa yonse, banja la kusitolo ya nsalu ndi Angelezi awiri a ku Umtali. Ufa wa mwezi uno watulukira pamenepo. Mahotela adzaza, ena akugona m'magalimoto ku Macuti. Injini zikulira m'magalaja onse, nkhuku za aneba zasiya kuikira.

A Jequessene abwera ndi nkhani kuchokera kumsika. Chifukwa cha kanema, komiti yagula mbendera zatsopano, zonyezimira, ndodo zosalala zofanana. Adzagawa Lamlungu m'mawa, zakale munthu asabwere nazo. Za maso a a Leocádio sindinawauze kanthu, koma bambo amenewa amamva ndi msana ali ku uvuni. "Timipata tija, Dona, sitinali toletsa kuterereka ayi," anatero, n'kubwerera kukakanda ufa.

Ndiye zaka zonsezi mbendera amaziwerenga ndi chala. Lamlungu adzakhala ndi ziwiri zofanana m'manja, ina yoti imani, ina yoti pitani. Kuti aseme timipata ayenera kufunsa munthu kuti iyi ndi iti, ndipo taona kale mmene amafunsira. Mawu amodzi kwa a Valdemar, a Leocádio mbendera awalanda, mzinda wonse udziwa, ana aziwathamangira mumsewu kuwafunsa mtundu wa tomato. Akuyenera. Ndaganiza zimenezi tsiku lonse ndipo zimanditsekemera. Nsapato ndinavala. Ndinafika pakhomo. Ndinabwerera kukaona ngati ndathira mchere mu ufa, ngakhale ndimadziwa kuti ndathira.

Loweruka, 22 Julaye

Ndinatseka mawindo. Sindinkafuna kuona madalaivala akufika n'kupeza chigamba choyera. Koma khosi langa silimva, ndinasuzumira pakatani.

Anayamba kufika dzuwa litangotuluka, ali m'maovololo, manja bii ndi girisi. Woyamba Mgiriki wa ku Salisbury, wakalamba, mutu wayera, koma akuthamangabe. Anaima. Anayang'ana chigamba, anayang'ana kumwamba kuwindo langa, anavula chipewa. Kenaka anaika chala pomwe mzere unkayambira, pafupi ndi paipi ya madzi a mvula, n'kuchiyendetsa mpaka pansi pa windo la sitolo, ndi kukhota kuja kwa pakati pomwe gudumu la Aníbal linakwera mwala. Osaphonya. Wachiwiri chimodzimodzi. A Ismael a takisi. Mkazi wa dokotala wa mano, iye anatukwana kaye amene anapaka. Ndiye atsopano aja, amene Aníbal sanamuonepo, kutsatira pomwe padutsa anzawo.

Penti wamafuta woyera sabisa girisi. Pomwe injini yoyamba imalira, mzere unali utabwerera. Wakuda, wa zala, utali wake womwe uja.

Ndinatsika ndi mapatapata. Ndinagawa buledi kwa aliyense, ogunda ndi osagunda omwe, phindu la lero lapita ndipo lipite. Mgiriki anandigwira dzanja, anandisiyira girisi. "Madamu, ife sitinkayang'ana ndi maso, chala chinaloweza," anatero m'Chipwitikizi chake chothyokathyoka.

Ndinkayesa kuti ndimamusunga ndekha.

Kuseri kwa kona, kometera n'kotseka. Loweruka la mpikisano, kutseka. Madalaivala ayesa msewu ndi ndevu zawo. Masana a Leocádio anaima pamalo pawo ndi mbendera zakale, tsiku lomaliza, osayang'ana mbali yathu ngakhale kamodzi. Aonda, kapena ndi jekete.

Lamlungu, 23 Julaye

Miyendo ikuwawa, makutu akulira, tsitsi ladzaza udzu.

Misa yoyamba, abambo mfumu kuthamanga nayo ngati nawonso alembetsa mpikisano. Pobwera chingwe chinali chitamangidwa kale. Anthu m'mitengo, pamadenga, ogulitsa mtedza ndi nsomba zokazinga, agalu onse omangidwa aja akuyenda pakati pa msewu. Ndinakwera kukhonde, ndinapatsa Angelezi khofi, ndinakhala pampando wanga. Ndinati sindiyang'ana pansi.

Ndinayang'ana. A Leocádio kuseri kwa mitolo ya udzu, mbendera zatsopano m'manja. Yachikasu anaiika pambali, imeneyo amaidziwa. Ziwiri zija akuzitembenuza, kuziyang'anitsa kudzuwa, kuzisinthanitsa. Ina anainunkhiza. Pamenepo m'pamene ndinalephera kupirira.

Mpeni wa buledi m'thumba la epuloni, masitepe, pansi pa chingwe. Wapolisi anati, "Dona, pano sipadutsidwa." Ndinamuuza kuti kona ino inali yanga iye asanamere mano. Ndinafika. Ndinati, "Bweretsani kuno. Yofiira mumasema bwanji?" Anati timipata titatu. Ndinasema, mozama, ndi mkwiyo wonse wa sabata ino. Yobiriwira kamodzi. Ndinawagwiritsa chala pamenepo kuti amve. Ndisanatembenuke mfuti yoyambira inalira, wapolisi anakana kuti ndiwoloke. Ndiye mpikisano wonse ndaonera pansi, phewa ndi phewa ndi munthu amene sindikulankhula naye.

Zaka zonsezi ndimaonera kumwamba, ndimayesa ndikuudziwa. Pansi ndi zina. Phokoso limalowera kumapazi n'kutulukira m'mano. Mphepo ya galimoto imakoka diresi, timiyala kumenya miyendo, fungo la mafuta opserera ndi matayala. Nkhope ya dalaivala umaiona kanthawi kochepa, pakamwa pali yasa. Ndinapezeka ndikukuwa, sindikudziwa ndimakuwira ndani. Aníbal, ndakumvetsa. Za uvuni watsopano zija ndakukhululukira lero.

Chakumapeto kunabwera dalaivala wa ku Nampula, galimoto ya mtundu wa lalanje, mabuleki anawakumbukira mochedwa. Udzu m'mwamba, khoma langa psoo pafupi ndi chitseko, galimoto kuzungulira n'kuima chopingasa pakati pa msewu. Kumbuyo kwake atatu akubwera osaona chomwe chili kuseri kwa kona. A Leocádio sanayang'ane n'komwe m'manja. Chala pandodo, yofiira m'mwamba, analumpha udzu n'kuthamangira mumsewu kukakumana nawo, bambo wa misinkhu imeneyi, sokosi zosiyana zili poyera. Onse atatu anaima. Wa kutsogolo anaima pafupi moti mbendera inagwa pagalimoto yake. Wa ku Nampula anatuluka bwinobwino, anasanza mu udzu, anthu anaomba m'manja. Ine ndinakhala pamtolo.

Wapambana ndani sindikudziwa, wina wa ku Joni.

Zitatha, ojambula kanema anabwera pakhoma. A Valdemar anaona kuti kothawira kulibe, anaima kutsogolo kwa mzere wofiira n'kuuza makina ojambulira kuti anakhota dala populumutsa galu. A Jequessene anati, "Galu ameneyo, Dona, anali ndi chisoti cha maluwa ndi nsapato zazitali." Tsopano mzerewo ndi wa ngwazi, wofuna kuupaka laimu alimbana ndi komiti.

A Leocádio anapinda mbendera. "Zikomo, Dona Linda. Lachinayi sindibweranso kudzakusowetsani mtendere." Ndinawasiya apite. Makutu amalira.

Lolemba, 24 Julaye

Wa ku Nampula wabwera kudzapepesa khoma, ndi mayi ake omwe, mayiwo kumugwira khutu. Khofi ndi buledi. Atangochoka, a Valdemar. Anavula chipewa kutsogolo kwa mzere wofiira, anang'ung'udza kenakake, analowa n'kudya buledi wa anthu awiri. Ngongole ya 1959 yatha.

Mbuzi zafika, zikumaliza udzu. Chingwe achotsa, mabasi ayambanso kuyenda, msewu wabwerera kukhala msewu. Matayala okha asiya mizere yakuda yolunjika pakhomo langa, makasitomala akuitsatira.

Kometera atsegula. Ndinadutsa kupita kukagula machesi, omwe ndili nawo kale. Anali kumeta munthu, sanadzutse mutu.

Lachinayi, 27 Julaye

Chitini ndachiika pashelefu pafupi ndi chithunzi cha ukwati. Wotsinzina uja ndi penti wake, akhale limodzi. Mzere wa zala ulipobe. Mvula ikadzauchotsa, chaka chamawa adzaulembanso, ndaona ndi maso anga kuti safuna ine kuti ndiwasonyeze.

Tsiku lonse pakhomo zii. Manachesi a kumsika ndinagula ndekha, onse akupsa, osakoma.

Ndatuma a Jequessene kwa a Leocádio. Ndati akanene kuti lero ndi Lachinayi, ndipo mzere watsopano uja ndi wa mtundu wa lalanje, ofuna kuudziwa abwere ndiwasonyeze ndi chala. A Jequessene anandiyang'ana, anavula epuloni mosafulumira. "Ndinene zonsezo, Dona, kapena ndingoti bwerani?" Ndawauza kuti achepetse mwano.

Ndatsegula bokosi la pansi pa bedi. Diresi lobiriwira lija, lomwe ndinavala pakhonde tsiku lomwe Aníbal anagunda khoma. Fungo la mankhwala a njenjete. M'chiuno lathina, buledi ameneyu. Zita alankhula, msewu wonse ulankhula, mkazi wa dokotala wa mano m'zinenero zitatu. Alankhule.

A Leocádio mtundu wake sadziwa, kwa iwo ndi dothi. Koma kuti si lakuda, aona.

Akugogoda, ndipo zipi yaima pakati pa msana